Phunziro: Pentheo, Mneni wa Chigiriki Wonena za Kulira Maliro

Ophunzira anga, lero tikhala pa mneni mmodzi yekha wa Chigiriki, chinenero chimene atumwi ndi anzawo analembera Chipangano Chatsopano. M'zilembo za eni ake amalembedwa πενθέω, ndipo m'zilembo zathu timalemba kuti pentheo. Dzina lochokera ku tsinde lomweli ndi penthos. Amene muli ndi buku la mawu la James Strong mukamupeza mneniyu pa nambala 3996 m'gawo la Chigiriki, ndipo dzinalo lili pa nambala yotsatira. M'Chipangano Chatsopano chonse mneniyu akupezeka ka 10 kokha, dzinalo ka 5.

Malowa ndi ochepa, koma amodzi mwa iwo ndi Mateyu 5:4, vesi limene ambiri a inu munaloweza muli ana. Pamenepo Buku Lopatulika limatchula anthu "achisoni" ndi kuwaika m'gulu la odala. Tsono mawu akuti chisoni m'Chichewa ndi otambalala. Wolephera mayeso ali ndi chisoni, woferedwa ali ndi chisoni, ngakhalenso woona mwana wamasiye akuvutika amagwidwa chisoni. Nanga Yesu ankanena chisoni chiti? Kuti tiyankhe bwino, timutsate mneniyu pang'onopang'ono kuyambira m'Chipangano Chakale.

Abale ake a mneniyu

Chigiriki cha m'Baibulo chili ndi aneni angapo onena za chisoni, aliyense ndi ntchito yakeyake. Wotambalala kuposa onse ndi lypeo, amene akupezeka ka 26 m'Chipangano Chatsopano. Ameneyu amanena za kuwawidwa mumtima, kaya kwaonekera kunja kaya ayi. Mnyamata wachuma wa pa Mateyu 19:22 anachoka kwa Yesu ali ndi chisoni cha mtundu umenewu. Mfumu Herode nayo inamva chisoni chomwechi pamene mtsikana wina anapempha mutu wa Yohane Mbatizi, pa Mateyu 14:9, koma chisonicho sichinaimitse kanthu. Lamulo linaperekedwa ndithu, mutu n'kubwera m'mbale.

Aneni ena anayi amanena zimene thupi limachita. Klaio ndi kulira mokweza mawu, monga analirira Petro tambala atalira, kapena monga Yesu analirira mzinda wa Yerusalemu pa Luka 19:41. Dakryo ndi kukhetsa misozi, ndipo akupezeka kamodzi kokha, pa Yohane 11:35, pa imfa ya Lazaro. Threneo ndi kubuma kapena kuimba nyimbo ya maliro, pamene kopto ndi kudziguguda pachifuwa. Awiri omalizawa ali pamodzi pa Luka 23:27, pamene amayi ankatsatira Yesu akupita kokapachikidwa.

Pentheo amatenga mtima ndi thupi lomwe pamodzi, ndipo amatenganso masiku. Richard Chenevix Trench, amene anali bishopu wamkulu wa Anglican ku Dublin m'zaka za m'ma 1800, analemba buku losiyanitsa mawu ofananafanana a m'Chipangano Chatsopano, ndipo anafotokoza kuti chisoni cha pentheo chimamugwira munthu yense mpaka kulephera kuchibisa. Ife kuno sitifunika kuuzidwa zambiri pa zimenezi. Maliro akagwa m'mudzi, makasu amakhala pansi. Masamba amayalidwa pamsewu, wa pa njinga amatsika n'kuyamba kuiguza, abambo amavula zisoti. Amayi amagona m'siwa, abambo amachezera panja pamoto, adzukulu amalawirira kumanda kukali mbuu. Namfedwa sadzola mafuta, savala zokongola, chakudya amachita kumukakamiza. Ngakhale pa ola limene misozi yaphwa ndipo wangokhala chete pamphasa, mlendo wongofika kumene amamudziwa kuti mwini maliro ndi uyu. Zimakhala choncho mpaka tsiku lometa. Kukhala namfedwa kumeneku, ndi zonse zimene kumaimitsa, ndiye pentheo.

Mmene akuonekera m'Chipangano Chakale

Mwina mukufunsa kuti mneni wa Chigiriki akupezeka bwanji m'mabuku amene analembedwa m'Chihebri. Kuyambira cha m'ma 250 Khristu asanabadwe, Ayuda a mumzinda wa Alexandria ku Ejipito anayamba kumasulira Malemba awo m'Chigiriki, chifukwa ambiri a iwo Chihebri chinali chitawathawa. Baibulo limeneli limatchedwa Septuagint, ndipo ndi limene Akhristu oyamba olankhula Chigiriki ankawerenga. Omasulirawo akakumana ndi mneni wa Chihebri wakuti abal, kawirikawiri ankaika pentheo. Choncho wolemba ngati Mateyu kapena Paulo akamatchula mneniyu, m'makutu mwa omvera ake munkamveka nkhani zakale zimene tione tsopanozi.

Tsegulani Genesis 37. Ana a Yakobo abwera ndi mkanjo wa Yosefe atauviika m'magazi a mbuzi. Bamboyo akuuzindikira, akung'amba zovala zake, akumanga chiguduli m'chiuno, ndipo vesi 34 likunena kuti anamulira mwana wakeyo masiku ambiri. Mneni wake ndi pentheo. Pa vesi 35 ana ake onse, aamuna ndi aakazi, akusonkhana kudzamupepesa, iye n'kukana, ndipo akunenetsa kuti maliro amenewa adzatsikira nawo kumanda. Lembani m'makope mwanu mneni wachiwiri amene ali pavesili, parakaleo, kutanthauza kutonthoza. Tikumana nayenso kutsogoloku.

Pa Genesis 50, Yakobo yemweyo atamwalira, Aejipito anamulira masiku 70. Kenako Yosefe ndi gulu lalikulu ananyamula mtembo kupita nawo ku Kanani, ndipo atafika pa dwale la Atadi anakhalapo masiku 7 akulira. Akanani okhala m'deralo anaona zimene zinkachitika, n'kupatsa malowo dzina lokumbutsa maliro a Aejipito. Taonani kuti anthu achilendo, amene sanamudziwe n'komwe womwalirayo, anazindikira penthos ndi maso okha.

Nkhani ya pa 2 Samueli 14:2 ikutsimikiza mfundo yomweyi. Yowabu anafuna kufewetsa mtima wa Davide pa nkhani ya Abisalomu, choncho anaitanitsa mayi wanzeru wa ku Tekowa n'kumulangiza kuti adzionetse ngati namfedwa. Anamuuza kuti avale zovala za maliro ndi kuti asadzole mafuta, kuti mfumu ikamuona iyese walira masiku ambiri. Chiwembu chimenechi chinatheka chifukwa pentheo anali ndi maonekedwe ake odziwika kwa aliyense.

Kulira munthu wamoyo

Apa tcherani khutu, chifukwa ndi pamene Malemba akumukuza mneniyu. Pa 1 Samueli 15:35 tikuwerenga kuti Samueli ankamulira Sauli. Sauliyo anali moyo, anali pampando, anali ndi asilikali ake. Chimene chinafa ndi kumvera kwake, ndipo Mulungu anali atamukana kuti asakhalenso mfumu. Mneneri wokalambayo anaona zimenezi ngati imfa yeniyeni ndipo anakhala namfedwa wake, mpaka Mulungu anachita kumufunsa kuti alira mpaka liti, n'kumutuma kuti adzaze mafuta m'nyanga apite ku Betelehemu kwa Jese.

Kuchokera apa zitsanzo zikuchuluka. Ezara atamva za kusakhulupirika kwa anthu obwerera kuchokera ku ukapolo, analowa m'chipinda osadya kanthu kapena kumwa madzi, akulira tchimo limene iye sanachite nawo. Zimenezi zili pa Ezara 10:6. Nehemiya anali woperekera chikho kwa mfumu Aritasasta ku Susa, cha m'ma 445 Khristu asanabadwe. Atamva kuti malinga a Yerusalemu ndi ogumuka ndipo zipata zake zinapsa, anakhala pansi n'kulira masiku angapo, akusala kudya ndi kupemphera. Patapita miyezi mfumu yomwe inazindikira pa nkhope yake kuti munthuyu sali bwino. Danieli naye, pa mutu 10, anakhala masabata 3 osadya nyama, osamwa vinyo, osadzola mafuta. Aneneri amafika pomugwiritsa ntchito mneniyu ngakhale pa nthaka. Hoseya, pa mutu 4, atatchula kutukwana, bodza, kupha, kuba ndi chigololo, akunena kuti dziko lenilenilo lidzalira maliro, ndipo nyama, mbalame ndi nsomba zomwe zidzatha.

Choncho pofika nthawi ya Yesu, mneniyu anali ndi mbali ziwiri zosalekana. Ankanena za kulira wakufa, ndiponso ankanena za kulira tchimo ndi chiwonongeko cha anthu a Mulungu ndi mtima womwewo umene munthu amalirira wakufa.

M'Chipangano Chatsopano

Mwa malo 10 aja, pa malo 6 pentheo akuyenda pamodzi ndi klaio: Marko 16:10, Luka 6:25, Yakobo 4:9, ndi katatu pa Chivumbulutso 18. Kuyendera limodzi kumeneku kukutiuza kuti olembawo ankaganiza za chisoni chomveka ndi chooneka. Pa Marko 16:10 ndi maliro enieni. Mariya wa Magadala akupeza ophunzira ali anamfedwa a Mbuye wawo, ndipo uthenga wa kuuka kwa akufa ukuyamba kulowa m'nyumba ya maliro.

Pa Mateyu 9:15 pali kanthu kakang'ono koyenera kukaonetsetsa. Ophunzira a Yohane afunsa chifukwa chimene ophunzira a Yesu sasalira kudya. Nkhani yomweyi ili pa Marko 2:19 ndi pa Luka 5:34, ndipo kumeneko Yesu akuyankha ndi mneni wa kusala kudya. Mateyu yekha ndiye waika pentheo: anthu a pa ukwati sangalire maliro mkwati ali pomwepo. Kwa Myuda, kusala kudya ndi kulira maliro zinali zoyendera limodzi, monga taonera kwa Ezara, Nehemiya ndi Danieli. Yankho la Yesu likutanthauza kuti chimene Aisraele akhala akuchilira zaka zonsezi chafika pakati pawo.

Tsopano tipite ku Korinto. Paulo analemba kalata yoyamba ali ku Efeso, cha m'ma 55. Pa mutu 5 akutchula nkhani yochititsa manyazi: munthu wina mumpingomo akukhala ndi mkazi wa bambo ake, chinthu chimene ngakhale akunja sankachilola. Chimene chikumupweteka kwambiri Paulo ndi mmene mpingo wailandirira nkhaniyi. Iwo ndi odzitukumula, pamene anayenera kuchita pentheo. Sanawauze kuti anayenera kupsa mtima, kapena kumunena munthuyo mumzinda monse, kapena kungomva chisoni cha mumtima n'kupitiriza mapemphero ngati palibe chachitika. Anawauza kuti anayenera kulira maliro. Akulu amati maliro n'kulirana. Mmodzi akagwa, mpingo wonse waferedwa, ndipo kumuchotsa munthuyo pakati pawo, kumene Paulo akulamula, kuyenera kuchitidwa ndi anthu olira, amene cholinga chawo n'choti mzimu wake udzapulumuke pa tsiku la Ambuye, monga akunenera pa vesi 5.

Ophunzira anga, ambiri a inu mudzakhala akulu a mpingo, aphunzitsi, atsogoleri a zigwirizano. Nkhani za anthu ogwa m'tchimo zidzafika m'manja mwanu. Mwambo wa mpingo woperekedwa ndi anthu amene sanalire umasanduka chipongwe, ndipo woweruzidwayo amachoka atauma mtima kuposa kale. Mpingo umene sulira ndiponso supereka mwambo umakhala utavomereza kuti imfa ya mkati mwa munthu si kanthu. Paulo akukana zonse ziwiri ndi mneni mmodzi.

Iye mwini akuonetsa chitsanzo pa 2 Akorinto 12:21. Akuopa kuti akadzafikanso kumeneko Mulungu adzamuchepetsa pamaso pawo, ndipo adzalira anthu ambiri amene anachimwa kale osalapa. Amene mumakonda malamulo a chinenero onani ichi: m'malo ena onse a m'Chipangano Chatsopano pentheo ndi mneni wosayambukira, koma pano yekha ndi woyambukira, ndipo pamtherankhani wake ndi "ambiri" aja. Paulo adzawalira iwowo, monga Yakobo analirira Yosefe, monganso Samueli analirira Sauli akali moyo.

Yakobo mtumwi akutembenuzira mneniyu kwa mwini tchimo. Pa mutu 4 akulankhula ndi anthu a mitima iwiri, okangana ndi osirira, ofuna ubwenzi wa dziko ndi wa Mulungu nthawi imodzi. Pa vesi 9 akuwalamula kuti amve kusauka kwawo, alire maliro, ndipo kuseka kwawo kusanduke penthos. Musaganize kuti akuletsa Mkhristu kuseka. Akuletsa kuseka kwa munthu amene moyo wake wauzimu ukufa iye osalabadira, kuseka komwe Yesu anachenjeza pa Luka 6:25. Ndipo vesi lotsatira, Yakobo 4:10, likulonjeza kuti wodzichepetsa chotere Ambuye adzamukweza.

Maliro a amalonda

Sikuti kulira kulikonse kwa mtundu umenewu ndi kodala. Chivumbulutso 18 chikufotokoza kugwa kwa Babulo, dzina limene owerenga oyamba ankalimva ngati likunena mzinda wa Roma ndi chuma chake. Mzindawu ukudzitama pa vesi 7 kuti ndi mfumukazi, si mkazi wamasiye, ndipo penthos sudzamuona. Vesi 8 likuyankha kuti imfa, maliro ndi njala zidzaugwera tsiku limodzi. Kenako akubwera olira: amalonda pa vesi 11 ndi 15, ndi eni zombo ndi amalinyero pa vesi 19, amene akudzithira fumbi kumutu. Zizindikiro zonse za maliro zilipo.

Koma funsani kuti akulira chiyani. Vesi 11 likunena mosabisa kuti chowaliritsa n'chakuti palibenso wogula katundu wawo. Katunduyo akutchulidwa mmodzimmodzi: golide, siliva, ngale, nsalu zofiirira, silika, minyanga ya njovu, zonunkhira, vinyo, mafuta, tirigu, ng'ombe, nkhosa, akavalo, magaleta, ndipo kumapeto kwenikweni, pa vesi 13, matupi ndi miyoyo ya anthu. Ife a m'mbali mwa nyanja ino tikudziwa tanthauzo la kuika minyanga ndi anthu pa mndandanda umodzi wa malonda, chifukwa m'zaka za m'ma 1800 katundu wotere ankawolokera pa Nkhotakota kupita ku gombe la kum'mawa. Amalonda a pa Chivumbulutso anagulitsa anthu osagwetsa msozi, koma msika utatsekeka anadzigwetsa pansi. Onaninso kuti akulira ataimirira patali, poopa kuti chilango chingawakhudze. Chimene munthu amachilira maliro chimaulula chimene ankachikonda, ndipo amenewa ankakonda phindu lawo lokha.

Tanthauzo la Mateyu 5:4

Tsopano tili ndi zokwanira kuti timve mdalitso uja. Mawu a Chigiriki onena za anthuwa ndi hoi penthountes, ndipo ali m'nthawi yatsopano: amene ali pamaliro pakali pano. Lonjezo lawo ndi mneni uja ndinakuuzani kuti mulembe, parakaleo, ali m'nthawi yamtsogolo ndiponso mu msintho wochitidwa: adzatonthozedwa. Wotonthozayo sanatchulidwe. Ayuda kawirikawiri ankalankhula chotere pofuna kunena za ntchito ya Mulungu popanda kutchula dzina lake.

Aneni awiriwa akupezekanso pamodzi pa Yesaya 61:2, pamene wodzozedwa ndi Mzimu akutumidwa kukatonthoza onse olira maliro. Mavesi otsatira akufotokoza kuti olirawo ndi a mu Ziyoni, anthu okhala pakati pa mabwinja, amene phulusa lili kumutu. Mutu umenewu ndi womwe Yesu anawerenga m'sunagoge wa ku Nazarete pa Luka 4, n'kunena kuti wakwaniritsidwa tsiku lomwelo. Choncho achisoni a pa Mateyu 5:4 ndi a mtundu wa Samueli, Ezara ndi Nehemiya, ndiponso a mtundu wa Simeoni, amene Luka 2:25 akunena kuti ankayembekezera chitonthozo cha Israele. Ndi anthu amene aona imfa, tchimo ndi kuponderezana, kuphatikizapo tchimo lawo lomwe, ndipo akana kuzizolowera.

Pali olalikira ena amene amati vesili likunena za kulira machimo kokha, ndipo potero amalilanda kwa mayi amene waika mwana wake m'manda dzulo. Zimenezi musadzachite. Taona kuti tanthauzo loyamba la mneniyu ndi maliro enieni, ndipo tanthauzo lachiwirilo linaphuka pa loyambalo. Pa Chivumbulutso 21:4, pamene dzina lakuti penthos likupezeka komaliza m'Baibulo, likutchulidwa moyandikana ndi imfa pakati pa zinthu zimene Mulungu adzazichotseretu. Imfa ndi tchimo ndi adani apachibale, ndipo chitonthozo cholonjezedwacho chikufika kwa olira zonse ziwiri. Yakobo anakana kutonthozedwa chifukwa ana ake analibe njira yomubwezera Yosefe. Amene akulonjeza pa Mateyu 5:4 ali nayo mphamvu yobweza chimene chinatayika, ndipo anaionetsa kwa anthu omwe aja Mariya anawapeza akulira.

Akhristu a kum'mawa anaisunga kwambiri mfundo imeneyi. John Climacus, amene anali mkulu wa nyumba ya amonke pa phiri la Sinai m'zaka za m'ma 600, analemba buku lofanizira moyo wauzimu ndi makwerero 30, ndipo khwerero la 7 analipatula kuti likhale la penthos wobala chimwemwe. Iye anaona zimene Yakobo mtumwi anaphunzitsa, kuti wolira tchimo lake pamaso pa Mulungu sakhala pansi mpaka kalekale.

Ntchito yokachita

Mukapita kwanu, mukawerenge malo onse 10 amene tawatchula, aliwonse pamodzi ndi mavesi oyandikana nawo. Pa malo aliwonse mukalembe mayankho a mafunso atatu: akulira ndani, akulira chiyani, ndipo kulirako kukuthera kuti. Mukatha, mukayerekeze Herode wa pa Mateyu 14 ndi Ezara wa pa mutu 10, n'kufotokoza m'ndime imodzi chimene chinaima m'moyo wa aliyense wa iwo chisoni chitamugwira. Funso lomaliza musandilembere, mukadziyankhe nokha moona mtima: pa zoipa zimene mumaziona kwanu, kusukulu kuno ndi mumtima mwanu, ndi chiti chimene chinakulepheretsanipo kudya? Sabata yamawa tidzatenga mneni wachiwiri uja, parakaleo, ndipo tidzaona mmene akugwirizanira ndi dzina limene Yesu anapatsa Mzimu Woyera pa Yohane 14. Mubwere ndi Mabaibulo anu.